Kuchokera ku khofi mpaka ku nthochi: mbiri ya kafukufuku wa mbewu kuno ku Thyolo

Pamene kopaletivi yathu ikukwanitsa zaka 10, maso a ambiri ali pa masheya, misika ndi zokolola zimene tagulitsa limodzi. Zimenezo n'zoyenera kuziwerenga. Koma tsamba lino likubwerera m'mbuyo kupitirira zaka 10, kuti muone kumene zinachokera mbewu zili m'minda mwanumo. Mwana wa nthochi amene munabzala dzinja lathali, mbatata yofiira mkati imene ana amamwera tiyi m'mawa, mtengo wa makadamiya uli m'malire mwa munda, zonsezi zinadutsa m'manja mwa anthu ofufuza, ndipo ambiri mwa iwo ankagwira ntchito m'boma lathu lomwe lino kapena kwa anansi athu ku Mulanje. Mukaitsata bwino mbiriyi muona chinthu chimodzi: ofufuza amayankha munthu amene wawafunsa, ndipo kwa zaka zambiri amene ankafunsa anali eni maesiteti okha.

Khofi, mbewu imene inagwa yopanda oithandiza

Tiyi amene watizungulirayu sanali mbewu yoyamba ya azungu m'dera lino. Anayamba ndi khofi. Mu 1878 Jonathan Duncan, wosamalira munda wa mishoni ya Blantyre, anabwera ndi timitengo ta khofi kuchokera ku munda wa zomera wa ku Edinburgh, ku Scotland. Khofiyo anachita bwino m'mapiri a Shire, moti atsamunda anafika poika mtengo wa khofi pa chizindikiro cha dziko. Maesiteti anatsegulidwa motsatizana ku Zomba, Blantyre, Thyolo ndi Mulanje.

Chaka cha 1900 ndicho chinali pachimake, kenaka zinthu zinayamba kutsika. Mitengo ya khofi pa msika wa dziko lonse inagwa chifukwa cha khofi wochuluka wa ku Brazil. Kuno tizirombo ndi matenda zinalowa m'minda, nthaka inaguga, mvula nayo inavuta. Nthawi imeneyo kunalibe malo ofufuzira oti mlimi n'kutengerako tsamba lodwala kuti akamuuze chavuta n'chiyani. Aliyense ankayesa zake, ndipo ambiri anangozula khofiyo n'kubzala thonje kapena fodya. Eni maesiteti sanaiwale phunziro limeneli.

Tiyi wachikasu ndi chilembo cha S

Tiyi anayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje mu 1891, pamene Henry Brown anamubzala kumeneko. Kuno ku Thyolo anafika mu 1908 pa esiteti ya Bandanga, ndipo Satemwa inatsegulidwa ndi Maclean Kay mu 1923. Koma naye tiyi anatsala pang'ono kutsatira khofi. M'minda yambiri masamba ankasanduka achikasu, n'kumachepa, n'kumathothoka, mpaka chitsamba chonse kuuma. Ena ankati ndi matenda a m'mizu, ena ankati ndi kachirombo.

Ulendo uno eni maesiteti anaitana akatswiri. H. H. Storey, wa ku malo ofufuzira a Amani ku Tanganyika, ndi R. Leach, amene ankagwira ntchito kuno ku Nyasaland, anayesa tiyi m'magawo osiyanasiyana, gawo lililonse n'kulipatsa chakudya chake. Mu 1933 anafalitsa zimene anapeza: tiyiyo sankadwala kachirombo ayi, ankasowa mchere wa m'nthaka wotchedwa salifa. Atathira feteleza wokhala ndi salifa, masamba anabiriwiranso.

Nkhani imeneyi mwakhala mukuisenza pamutu osadziwa. Pa thumba la feteleza wa Chitowe munkawerenga 23:21:0+4S. Chilembo cha S chimenecho ndi salifa yemweyo. Nthaka yathu yambiri imamusowa, ndipo umboni wina woyambirira wa vutoli unapezeka m'minda ya tiyi ya kuno kummwera.

Ataona phindu lake, alimi a tiyi anapitiriza kusonkha ndalama zolipirira kafukufuku. Mu 1966 kunakhazikitsidwa bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa, limene likulu lake lili ku Mimosa, ku Mulanje. Kumeneko anasankha zitsamba zobereka bwino n'kumazichulukitsa podula nthambi m'malo mofesa njere, kuti mwana afanane ndendende ndi kholo lake. Mitundu monga SFS 150, SFS 204 ndi PC 108, imene ena mwa inu mwaithyola ndi manja anu, inatuluka m'ntchito imeneyo. Taonani mmene anachitira: esiteti imodzi payokha sikanatha kulipira katswiri zaka 15 kuti asankhe mtundu umodzi wa tiyi. Anasonkherana, n'kumafunsa ndi mawu amodzi.

Amene sankafunsidwa

Nanga makolo athu anali kuti nthawi yonseyi? Anali m'minda momwemo, khasu lili m'manja. Amang'anja amene anapezeka kuno, ndi Alhomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ambiri anakhala pa malo a maesiteti pansi pa thangata, kulipira malo okhala ndi thukuta lawo. Kuseri kwa nyumba ankabzala nthochi, chinangwa, nandolo, mbatata ndi maungu. Mbewu zimenezi ndizo zinkadyetsa anthu othyola tiyi, koma palibe ankaziyesa kapena kuzilembera lipoti. Mbewu yabwino inkayenda ndi ukwati, ndi maliro, ndi ulendo wokaona abale: mwana wa nthochi m'dengu, mphesi za mbatata pamutu.

Ngakhale chipatso chinali ndi mwini wake. Mu Ogasiti 1953, pa esiteti ya Mangunda kufupi ndi Luchenza, eni malo anagwira anthu powaganizira kuti akuba malalanje. Nkhaniyo itafalikira m'midzi, mkwiyo wa zaka zambiri wa nkhani za malo, thangata ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland unaphulika. Zipolowe zinafika m'maboma ena a kummwera ndipo anthu 11 anaphedwa. Thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962, ndipo bungwe loona za alimi ang'onoang'ono a tiyi, la Smallholder Tea Authority, linabwera mu 1967. Ndiye kuti panadutsa zaka pafupifupi 60 tiyi ali m'Thyolo, mlimi wa m'mudzi asanapatsidwe njira yoti naye alime wake.

Bvumbwe inayamba ndi mtengo wosadyedwa

Mukamapita ku Limbe mumadutsa pa Bvumbwe, ndipo ambiri timangodziwapo msika wa tomato, kabichi ndi karoti. Pafupi pomwepo pali malo ofufuzira za ulimi a boma, amene anatsegulidwa mu 1940. Chodabwitsa n'chakuti sanatsegulidwire masamba kapena zipatso. Anatsegulidwira mtengo wa tung, umene njere zake sizidyedwa koma zimatulutsa mafuta opangira penti ndi vanishi. Mafutawa ankachokera ku China, ndipo nkhondo ya China ndi Japan itayamba mu 1937 anayamba kusowa pa msika. Maesiteti a kuno anaona mwayi n'kubzala tung wambiri.

Vuto linali lakuti mitengo yofesedwa kuchokera ku njere inkabereka mosiyana kwambiri, wina wodzaza, wina wopanda kanthu. Ofufuza monga C. C. Webster anayamba kulemba zokolola za mtengo uliwonse paokha, kusankha yobereka kwambiri, n'kumatenga diso la mtengo wabwinowo kulimezanitsa pa kamtengo kena. Luso lomwelo ndi limene lero mukugwiritsa ntchito pa mango, mapeyala ndi malalanje.

Tung sanakhalitse. Mafakitale atapeza mankhwala ena opangira penti, mtengo wa mafutawo unagwa, ndipo maesiteti anayamba kufuna mbewu ina. M'zaka za m'ma 1960 maso anatembenukira ku makadamiya, mtengo wa ku Australia umene unasankhidwa ndi kukonzedwa bwino ku Hawaii. N'chifukwa chake mitundu yake imadziwika ndi manambala a kumeneko, monga 246, 344, 660 ndi 741. Inayesedwa pa Bvumbwe ndi m'maesiteti monga Naming'omba, ndipo lero Malawi ali m'gulu la mayiko odziwika pogulitsa mtedzawu kunja.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, ntchito ya Bvumbwe inakula pang'onopang'ono mpaka malowa anakhala likulu la kafukufuku wa mbewu za zipatso, masamba, zokometsera ndiwo, maluwa, khofi ndi mbewu za mizu, pansi pa nthambi ya boma yoona za kafukufuku wa ulimi. Apa m'pamene mbewu za kuseri kwa nyumba zija zinayamba kulowa m'mabuku a ofufuza.

Mbatata yokhala ndi mayina athu

Chitsanzo chooneka bwino ndi mbatata. Kusowa kwa vitamini A m'thupi kumafooketsa ana, kumawononga maso, ndipo mwana wotere matenda amamugwetsa msanga. Mbatata yoyera mkati imakhutitsa koma ilibe vitamini ameneyu wokwanira, pamene yofiira mkati ili naye wambiri. Akatswiri a pa Bvumbwe, mmodzi mwa iwo Dr Felistus Chipungu, mogwirizana ndi bungwe la International Potato Center, anagwira ntchito yosankha ndi kukwatitsa mitundu. Zondeni inavomerezedwa mu 2008, ndipo mu 2011 kunatuluka Anaakwanire, Chipika, Kadyaubwerere, Kaphulira ndi Mathuthu.

Tamverani mayinawo. Tiyi ndi makadamiya zili ndi manambala, mbatata ili ndi mayina a pakhomo. Kusiyanaku kuli ndi chifukwa chake. Poyesa mbatata, alimi ankaibzala m'minda mwawo, amayi n'kuiphika, kuilawa, n'kunena ngati ili yaufa kapena yamadzimadzi. Mtundu wobereka kwambiri koma wosakoma anthu saubzala kawiri, ndipo ofufuza anaphunzira kufunsa mwini mphika. Mu 2016 akatswiri atatu a bungwe lija, Maria Andrade, Robert Mwanga ndi Jan Low, analandira nawo mphotho ya World Food Prize chifukwa cha ntchito ya mbatata yofiira mkati mu Africa. Mphesi zili m'dimba mwanuzo ndi gawo la ntchito imeneyo.

Chisaka

Tsopano tifike pa bala limene aliyense wa ife ali nalo. Amene munakula kale mukukumbuka malole odzaza nthochi akuchoka ku Thekerani, Molere ndi Masambanjati kupita ku Limbe, Blantyre mpaka Lilongwe. Nthochi inkalipira fizi, inkagula malata, inkaika maliro. Kukongola kwake kunali kwakuti ndalama inkabwera chaka chonse, osadikira nyengo yokolola.

Matenda a chisaka anaoneka koyamba m'dziko muno cha m'ma 1994 ku Nkhotakota, ndipo akatswiri anatsimikiza mu 1997 kuti ndi kachirombo ka vairasi. M'zaka za m'ma 2000 anafika kuno. Zizindikiro zake mukuzidziwa: masamba atsopano amatuluka aafupi, opyapyala, oimirira, ounjikana pamwamba ngati tsache, m'mphepete mwake muli chikasu, ndipo pa msempha wa tsamba pamaoneka timizere tobiriwira kwambiri toduka-duka. Nthochi yogwidwa ikadali yaing'ono sibereka mkoko. Kabuthu ndi mitundu yofanana naye ndiyo inagwa msanga.

Matendawa amayenda njira ziwiri. Yoyamba ndi nsabwe zakuda zimene zimabisala m'makwawa a masamba ndi pa ana a nthochi. Nsabwe ikayamwa madzi a nthochi yodwala imasunga kachiromboko moyo wake wonse, ndipo zina zimamera mapiko n'kuulukira m'munda wina. Njira yachiwiri ndi ife tomwe. Mwana wa nthochi wochokera pa phata lodwala amakhala nako kachiromboko ngakhale akuoneka wathanzi. Mwambo wabwino uja wopatsana mbewu, umene unasunga makolo athu pa nthawi ya thangata, ndiwo unanyamula chisaka kuchoka phiri lina kupita phiri lina. Mankhwala ochiza nthochi yodwala kulibe.

Chopweteka n'chakuti zonsezi zinali zodziwika kale kwina. Matendawa analembedwa ku Fiji mu 1889. M'zaka za m'ma 1920 anawononga minda ya nthochi ku Australia, ndipo mu 1927 katswiri wina, C. J. P. Magee, anafotokoza bwinobwino za nsabwe ndi ana a nthochi. Kumeneko anaika malamulo: oyendera minda, kuzula msanga, ndi kuletsa kusamutsa mbewu popanda chilolezo. Ulimi wa nthochi unadzukanso. Nzeru zimenezi zinakhala m'mabuku zaka pafupifupi 70 chisaka chisanafike m'Malawi. Chimene chinasowa kuno ndi njira yoti zifike kwa mlimi nthawi isanathe, komanso mgwirizano woti mudzi wonse uchite chinthu chimodzi tsiku limodzi. Tiyi atachita chikasu, eni ake anali ndi bungwe, ndalama ndi khomo logogoda. Nthochi itachita chisaka, mlimi aliyense anali yekha ndi phata lake.

Boma litayamba kulimbikitsa kuzula nthochi zonse zodwala cha m'ma 2016, ambiri anakana, ndipo sitingawaseke. Munthu angazule bwanji chimene chikumudyetsa, mbewu yatsopano asanaione? Ena anazula, anansi awo osazula, ndipo nsabwe zinangowoloka malire. Misika ya m'tauni inadzaza ndi nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique, ife eni nthochi n'kumagula.

Mbewu yoyera inachokera kwa ofufuza. Amatenga kachidutswa kakang'ono ka pamtima pa nthochi imene yayezedwa n'kupezeka kuti ilibe kachirombo, n'kukameretsa m'mabotolo m'labotale, momwe kamabala timbewu tambiri. Timbewuto amatikulitsa m'nyumba zotchingidwa ndi neti kuti nsabwe zisalowe. Mtundu wa Williams unafala kwambiri m'njira imeneyi, kudzera pa Bvumbwe ndi mapulogalamu monga KULIMA, imene inayamba mu 2017 ndi thandizo la European Union. Koma apa mvetsetsani bwino, abale: mbewu yoyera si mbewu yosagwidwa matenda. Williams amagwidwa chisaka ngati Kabuthu yemwe. Wabwera wopanda kachirombo, basi. Kumusunga choncho ndi ntchito yathu.

Mavuto sanathere pa nthochi

Alimi a tomato mukudziwa kambozi kamene kamaboola masamba ndi zipatso, kotchedwa Tuta absoluta. Kwawo ndi ku South America. Kanafika ku Spain mu 2006, kenaka kanafalikira mu Africa mpaka m'madimba athu. Kamaswana msanga ndipo kamazolowera mankhwala ngati mupopera amodzimodzi mobwerezabwereza. Mlimi amene amangowonjezera mlingo akuwononga ndalama, thanzi lake ndi la ogula. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakokolola minda ndi mbewu m'maboma a kummwera kuno, ndipo pambuyo pa tsoka lotere anthu amatola mbewu paliponse pamene yapezeka. Nthawi ngati imeneyo ndi imene matenda amalowera.

Chimene zaka 10 zatipatsa

Mukaziika pamodzi nkhanizi, muona kuti khofi anagwa popanda womufufuza, tiyi anapulumuka chifukwa eni ake anasonkherana, mbatata inayenda bwino chifukwa alimi anafunsidwa, ndipo nthochi inatha chifukwa yankho linafika mochedwa kwa anthu omwazikana. Kopaletivi yatipatsa chimene eni maesiteti anali nacho kuyambira kale: dzina limodzi, kaundula wa mamembala, thumba limodzi ndi mphamvu yogwirizana malamulo athu. Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo pa nkhani ya chisaka mwambiwu ukunena nsabwe zenizeni.

Ndiye pali zinthu zoti tizigwire pamene tikulowa m'zaka 10 zina. Choyamba, mwana wa nthochi asalowe m'munda wa membala ngati sitikudziwa kumene wachokera, ngakhale atapereka ndi achimwene kapena apongozi. Kukana mphatso n'kovuta, koma kuzula munda wonse n'kovuta koposa. Chachiwiri, tiziyenderana m'minda kawirikawiri, gulu ndi gulu, pamodzi ndi alangizi. Phata likaonetsa zizindikiro, yambani mwapha nsabwe ndi mankhwala ovomerezeka kapena madzi a sopo, kenaka zulani phata lonse ndi ana ake, duladulani, ndipo muzibwerako kukaona ngati laphukanso. Mukazula musanaphe nsabwe, mwazithamangitsira kwa mnansi. Membala amene wazula asasiyidwe yekha: tigwirizane mmene angapezere mbewu ina, chifukwa wazulira tonse.

Chachitatu, lembani. Webster anapeza mitengo yabwino ya tung chifukwa cholemba zokolola za mtengo uliwonse. Kope la sukulu ndi lokwanira: mtundu wa mbewu, kumene mwaitenga, tsiku lobzala, feteleza kapena manyowa amene mwathira, ndi zimene mwakolola. Makope a mamembala onse akaikidwa pamodzi, amanena zoona za nthaka yathu kuposa kukumbukira kwa munthu mmodzi. Ndipo pogula mitengo ya mango, mapeyala kapena makadamiya, funsani dzina la mtundu wake ndipo onani chipsera cha pomezanitsa.

Chachinayi, tizifunsa. Paja safunsa anadya phula. Bvumbwe ili m'boma lathu, ndipo ndi malo a boma, oyendetsedwa ndi misonkho ya tonsefe. Mlimi mmodzi akapita ndi tsamba lodwala m'thumba amathandizidwa tsiku limenelo. Kopaletivi ikalemba kalata yonena kuti vuto lakuti laoneka m'minda yakuti kuyambira mwezi wakuti, n'kupereka munda woti ofufuza adzayeserepo mbewu zawo, funso lathu limalowa m'ndondomeko ya ntchito yawo. Mitundu yathu yakale ya nthochi monga Sukali ndi Zanda, imene ogula amaifunabe, ndani aipemphere kuti iyezedwe ndi kuchulukitsidwa yopanda matenda ngati si ife?

Pa msonkhano waukulu ukubwerawu, bwerani ndi funso limodzi lochokera m'munda mwanu, lolembedwa pa pepala. Alembi akawasonkhanitsa, tidzasankhe atatu ofunika kwambiri, ndipo nthumwi zathu zikawatule pa Bvumbwe mvula isanagwe.